Mlendo Akafika Pakhomo la Mzikiti



Chaka chilichonse sukulu ikatsegulira, pakati pa ophunzira a Fomu 1 pamakhala ana ena omwe kwawo si Asilamu. Ena ndi a CCAP, ena Akatolika, ena a Seventh Day kapena a mipingo ya Pentekosite. Makolo awo amabwera kumsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, amamva adhana ikuitanidwa pafupi, anzawo n'kunyamuka kukaswali, iwo n'kutsala pabenchi osadziwa ngati adikire kapena atuluke. Zotere sizichitika kusukulu kokha. Ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni ndi ku Machinjiri timatunga madzi pampopi umodzi ndi anthu a zipembedzo zina. Tikaferedwa amabwera kudzagona nafe pasiwa, tikakhala ndi nikah timawaitana, ndipo pa Ramadhan ena amadzadya nafe futari.

Pa chifukwa ichi makolo ndi a komiti ya mzikiti akhala akufunsa mafunso atatu. Kodi munthu yemwe si Msilamu akuloledwa kulowa mumzikiti? Tikamulandira ndi manja awiri, sitikufewetsa chipembedzo chathu? Nanga mwana wathu akaitanidwa kumaliro a kutchalitchi achite bwanji? Mafunso amenewa ndi oyenera, ndipo mayankho ake alipo m'mbiri ya Chisilamu ndi m'zomwe maulama adatisiyira.

Asilamu adayamba ndi kukhala alendo

M'chaka cha 615, chomwe chidali chachisanu chiyambire utumiki, Asilamu a ku Makkah adali pamoto. Ena ankamenyedwa, ena kumanidwa chakudya, ena kuthamangitsidwa ndi abale awo enieni. Mtumiki Muhammad (SAW) adawalangiza kuti asamukire ku Habasha, dera lomwe lero kuli Ethiopia ndi Eritrea, chifukwa kumeneko kudali mfumu yachilungamo. Mfumuyo, yomwe timaidziwa ndi dzina la Najashi, idali Mkhristu, ndipo anthu ake adali Akhristu.

Gulu loyamba lidali laling'ono, anthu osakwana 20. Pakati pawo padali Uthman ibn Affan ndi mkazi wake Ruqayya, mwana wa Mtumiki (SAW). Gulu lachiwiri lidali ndi amuna opitirira 80, kuphatikizaponso amayi ndi ana. Akuluakulu a Chikuraishi adatumiza Amr ibn al-As ndi Abdullah ibn Abi Rabi'a ndi mphatso zambiri kuti akanyengerere mfumu iwabweze othawawo. Najashi adakana kugamula mlandu atamva mbali imodzi yokha. Adaitanitsa alendo aja kuti adzilankhulire okha.

Yemwe adaimira Asilamu adali Ja'far ibn Abi Talib. Adafotokoza moyo womwe ankakhala asadalandire uthenga ndi zomwe Mtumiki (SAW) adawaphunzitsa, kenako adawerenga ndime za mu Surat Maryam. Mfumu ndi akuluakulu a tchalitchi adagwetsa misozi. Mawa lake Amr adayesa njira ina. Adauza mfumu kuti iwafunse Asilamuwo zomwe amanena za Isa (AS), podziwa kuti apa m'pomwe pali kusiyana kwenikweni. Ja'far sadabise kanthu ndipo sadanyoze. Adanena zomwe Chisilamu chimaphunzitsa, kuti Isa (AS) ndi kapolo wa Allah ndi Mtumiki Wake. Najashi adabweza mphatso za Akuraishi ndipo adawauza alendo kuti akhale mwamtendere m'dziko lake.

Ja'far adakhala ku Habasha zaka zopitirira 10 ndipo adakafika ku Madinah mu 628. Najashi atamwalira, Mtumiki (SAW) adaimika maswahaba ku Madinah n'kumuswalira swala ya janaza ngakhale thupi lidali kutali, ndipo maulama amatenga izi ngati umboni woti mfumuyo idamwalira italandira Chisilamu.

Pankhaniyi tikutolapo zinthu ziwiri. Choyamba, pomwe Chisilamu chidalibe pothawira, omwe adachitsegulira khomo adali anthu a chipembedzo china. Chachiwiri, mlendo wabwino safunika kubisa chikhulupiriro chake kuti alandiridwe. Ja'far adanena chilungamo mwaulemu, ndipo ulemuwo sudachotse kanthu pa chilungamocho.

Alendo mumzikiti wa Madinah

Asilamu atakhala ndi mzinda wawo, nawonso adakhala eni khomo. Cha m'ma 631 kudabwera nthumwi za Akhristu a ku Najran, pafupifupi anthu 60, pamodzi ndi atsogoleri awo a tchalitchi. Mtumiki (SAW) adakumana nawo mumzikiti. Olemba mbiri oyambirira amasimba kuti nthawi ya mapemphero awo itakwana, adapemphera momwemo atayang'ana kum'mawa, ndipo Mtumiki (SAW) adauza maswahaba kuti asawaletse. Adakambirana za Isa (AS) ndipo sadagwirizane. Alendowo adabwerera kwawo ali Akhristu, atatenga pangano loteteza miyoyo yawo, chuma chawo ndi matchalitchi awo.

Padalinso Thumama ibn Uthal, mtsogoleri wa ku Yamama, yemwe adagwidwa ali mdani n'kusungidwa mumzikiti masiku atatu. Kumeneko adaona momwe Asilamu amaswalira ndi momwe amakhalira. Mtumiki (SAW) adalamula kuti amasulidwe popanda dipo. Thumama adapita kukasamba, adabwerera yekha ndipo adalowa Chisilamu.

Nkhani yomwe ophunzira ambiri amaidziwa ndi ya munthu wa kuchipululu yemwe adalowa mumzikiti n'kuyamba kutaya madzi pakona. Maswahaba adadzambatuka kuti amugwire. Mtumiki (SAW) adawaletsa, adadikira kuti munthuyo amalize, adalamula kuti athirepo chidebe cha madzi, kenako adamuitana n'kumufotokozera mofatsa kuti mzikiti ndi malo a swala ndi kukumbukira Allah. Pamalo paja padayera ndi chidebe chimodzi. Munthu uja akadachititsidwa manyazi pagulu, mwina sakadapondanso pakhomo la mzikiti moyo wake wonse.

Zomwe maulama adanena

Pa funso loyamba lija, maulama a mazihabu adasiyana pang'ono. A Shafi'i, omwe Asilamu ambiri a kuno timatsata, adati munthu yemwe si Msilamu akhoza kulowa mumzikiti ngati waloledwa ndi Asilamu, kupatula Msikiti Wopatulika wa ku Makkah. A Hanafi, omwe amatsatidwa ndi abale athu ambiri omwe makolo awo adachokera ku India, nawonso adaloleza. A Maliki ndiwo adakhwimitsa, ndipo amaloleza pokhapokha pali chofunikira. Choncho komiti ikalola kholo la wophunzira kapena mnansi kulowa kuti aone ndi kumva, siyambitsa chachilendo.

Pa funso lachiwiri, Qur'an idaika malire omveka. Surat Al-Baqara ndime 256 imaletsa kukakamiza munthu kulowa chipembedzo. Surat Al-Mumtahana ndime 8 imaloleza kuwachitira zabwino ndi chilungamo anthu omwe sakutithira nkhondo chifukwa cha chipembedzo chathu. Surat Al-An'am ndime 108 imatiletsa kutukwana zomwe ena amapembedza. Kulandira mlendo sikusakaniza mapemphero. Sitisintha swala kuti imukomere, ndipo sitimukokera pamzere kuti aswali nafe. Timamupatsa malo, ulemu ndi yankho loona akafunsa.

Zomwe tidadutsamo kwathu kuno

Chisilamu chidafika m'dziko muno cha m'ma 1840 kudzera mwa Jumbe Salim bin Abdallah ku Nkhotakota, ndipo kuyambira m'ma 1870 mafumu a Chiyao monga Makanjira adachilandira. Mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa mu 1876, ndipo kwa zaka zambiri sukulu zambiri za m'dziko muno zidali m'manja mwa amishoni. Agogo athu ambiri adakana kutumizako ana poopa kuti akabatizidwa ndi kusinthidwa mayina. Adateteza chipembedzo, koma mtengo wake udali wowawa, chifukwa Asilamu tidatsalira m'mbuyo pamaphunzimo kwa mibadwo ingapo. Tikudziwa bwino zomwe zimachitika kholo likamaopa kuti sukulu imulanda mwana.

Nkhani ya hijab ndi ya dzulodzuloli. Mu 2019 ku M'manga m'boma la Balaka kudabuka mkangano wa atsikana ovala hijab pasukulu ya mpingo wa Anglican, anthu adavulala, katundu adaonongeka ndipo ana adakhala osaphunzira. Bungwe la Public Affairs Committee, lomwe lidayamba mu 1992 ndipo muli mipingo ya Chikhristu pamodzi ndi Muslim Association of Malawi ndi Quadria Muslim Association of Malawi, lidakhazika mbali zonse pansi. Mu 2021 atsogoleri adasainirana mgwirizano wolola atsikana a Chisilamu kuvala hijab yogwirizana ndi yunifolomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Tidapempha kuti ana athu alandiridwe momwe alili. N'zomveka kuti mwana wa mnzathu akabwera kwathu, nafenso timulandire momwe alili. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti Asilamu ndife pafupifupi 14 pa anthu 100 aliwonse m'Malawi. Mumzinda wa Blantyre, womwe nthawi imeneyo udali ndi anthu pafupifupi 800,000, anansi athu ambiri si Asilamu. Ambiri mwa iwo adutsa pamizikiti ya ku Limbe kambirimbiri pa minibasi koma sadalowemo. Chisilamu chomwe amachidziwa ndi chomwe amachiona mwa ife. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, anthu a ku Chilobwe ndi madera ena adagona limodzi m'makalasi, ndipo wopereka phala sankafunsa kuti mumapemphera kuti. Sitiyenera kudikira tsoka kuti tikumbukire umunthu umenewu.

Mlendo amaopa chiyani?

Nthawi zambiri mlendo saopa ife, amaopa kulakwitsa. Sadziwa khomo lolowera, sadziwa pokhala, ndipo akuganiza kuti maso onse ali pa iye. Zomwe ife tidazolowera tili ana, kwa iye ndi mwambi. Ndi bwino kumufotokozera asadafike pakhomo, ndiponso kumuuza chifukwa chake.

Nsapato timavula chifukwa pomwe tikuponda m'pomwe timagunditsa chipumi posujudu. Mlendo muonetseni poika nsapato zake. Kutawasa, komwe ena amati kupanga wudhu, ndi kwa munthu yemwe akukaswali, choncho mlendo wongobwera kudzaona sakakamizidwa. Amuna ndi akazi amaswali m'malo osiyana, ndiye mayi wachilendo alandiridwe ndi mayi mnzake, yemwe angamubwereke mpango kapena chitenje mwakachetechete, osati momudzudzula pagulu. Swala ikayamba, mlendo akhale kumbuyo kapena pambali, ndipo auzidwe kuti sitidutsa kutsogolo kwa munthu woswali. Lachisanu, khutba ikamaperekedwa, tonse timakhala chete. Akapanda kuuzidwa, angaganize kuti yemwe wakhala naye pafupi wamukwiyira posamuyankha.

Pa moni, Asilamu ambiri sagwirana chanza ndi munthu yemwe si wa chibadwidwe chawo, mwamuna kwa mkazi kapena mkazi kwa mwamuna. Munthu akatambasula dzanja n'kulisiya m'malere amamva kunyozeka. Kuika dzanja pachifuwa, kuwerama pang'ono ndi kunena kuti “Takulandirani, bambo” kapena “Fikani, mayi” kumachotsa manyazi amenewo.

Pamaliro m'pomwe alendo amadabwa kwambiri. Timaika msanga, nthawi zambiri tsiku lomwelo kapena mawa lake. Thupi limasambitsidwa, limakulungidwa m'sanda ndi kunyamulidwa pajeneza. Swala ya janaza ndi yaifupi, yoimirira, yopanda kuwerama ndi kusujudu. Amayi satsagana nafe kumanda. M'madera ena mumveka zikiri, kwina anthu amayenda chete. Mnansi yemwe adazolowera kwaya, nkhata ndi maulaliki aatali akhoza kuganiza kuti tathamangira kutaya m'bale wathu. Pamene womwalirayo ali ndi abale a Chikhristu, monga zimakhalira m'mabanja ambiri a mumzinda muno, kusafotokoza kumabala mkangano womwe umatha zaka. Munthu mmodzi wofatsa wochokera ku komiti, wokhala pansi ndi mwini mbumba n'kumufotokozera ndondomeko yonse, amazimitsa moto usadayake.

Yemwe wangolowa kumene Chisilamu

Pali mlendo wina yemwe timamuiwala msanga, ndiye m'bale kapena mlongo yemwe wangopereka shahada. Tsiku limenelo timakuwa takbir ndi kumukumbatira. Funso ndi lakuti, Lachisanu lotsatira wakhala ndi ndani? Pa Idi, pomwe aliyense wathamangira kwa abale ake, iye wadya kuti?

Mtumiki (SAW) atafika ku Madinah mu 622 sadangowauza a Ansar kuti alandire osamuka onse mwachisawawa. Adalumikiza munthu ndi munthu, aliyense ndi m'bale wake wodziwika dzina. Abdurrahman ibn Awf adapatsidwa Sa'd ibn al-Rabi, yemwe adafuna kumugawira theka la chuma chake. Abdurrahman adathokoza n'kupempha kuti angomulozera kumsika. Wolowa kumene nthawi zambiri safuna zambiri. Akufuna womuphunzitsa Al-Fatiha mosamuseka, womuperekeza kumzikiti ndi womufunsa akasowa.

Tikumbukirenso kuti kusintha dzina si lamulo pokhapokha dzinalo lili ndi tanthauzo loipa. Ubale ndi makolo ake sutha. Asma, mwana wa Abu Bakr, adafunsa za mayi ake omwe sadali Msilamu, ndipo Mtumiki (SAW) adamuuza kuti asunge ubalewo. Surat At-Tawba ndime 60, potchula oyenera kulandira zakaat, imawerengeranso anthu omwe mitima yawo ikufunika kulimbikitsidwa.

Chiyankhulo nachonso chimatha kutsekera munthu kunja. Pali anthu mumzinda muno omwe amaganiza kuti Chisilamu ndi cha Ayao kapena cha amwenye. Mlomwe, Msena, Mngoni kapena Mmang'anja akakhala pagulu pomwe onse akucheza m'chiyankhulo chomwe iye sakumva, maganizo aja amakhazikika. Pamzere wa Mtumiki (SAW) padaima Bilal wa ku Habasha ndi Salman wa ku Persia. Tikaona kuti pali wina wosamva, titembenukire ku Chichewa.

Ife tikakhala alendo

Tsopano funso lachitatu. Mnzanu wa m'kalasi akaferedwa, pitani mukamupepese. Khalani pomwe akulozerani, zimitsani foni, ndipo musaseke kapena kunong'onezana pa zomwe simukuzimvetsa. Simukakamizidwa kuimba nyimbo, kunena mawu otsutsana ndi tauhidi kapena kulandira mgonero, ndipo eni ake ambiri sayembekezera zimenezo kwa inu. Kukhala chete mwaulemu n'kokwanira. Chakudya chikabwera ndipo mukukaika za nyama, nenani modzichepetsa kuti mudya nyemba kapena masamba, osakwinya nkhope. Nthawi ya swala ikakwana, pemphani malo. Mudzadabwa kuona kuti anthu ambiri amakondwa kukuyalirani mphasa. Pomwe simukudziwa, funsani makolo kapena shehe musadapite. Safunsa adadya phula.

Pempho lathu

Kwa ophunzira: mnzanu yemwe si Msilamu asamve mawu omutcha mayina kuchokera pakamwa panu. Akafunsa chifukwa chomwe mumasalira kapena kuvala hijab, muyankheni zomwe mukudziwa, ndipo zomwe simukudziwa bwerani naye kwa aphunzitsi. Pa Ramadhan musamuchititse manyazi chifukwa akudya. Mpikisano wa m'kalasi ukhale wa masamu ndi sayansi, osati wonyozana zipembedzo.

Kwa makolo: zomwe timayankhula pakhonde za anansi athu, ana amabwera nazo kusukulu. Ngati m'banja mwanu muli mkamwini kapena mtengwa yemwe adalowa Chisilamu chifukwa cha ukwati, musamusiye ndi dzina lokha. Mphunzitseni pang'onopang'ono, ndipo abale ake akabwera adye m'mbale zomwe timadyera tonse. Kwa makolo omwe si Asilamu koma mudatikhulupirira ndi ana anu, khomo ndi lotsegula. Bwerani mudzafunse chilichonse, ngakhale chomwe mukuona ngati n'chovuta kufunsa.

Kwa a komiti ya mzikiti tikupempha zinthu zinayi zomwe sizifuna ndalama zambiri. Pasankhidwe bambo mmodzi ndi mayi mmodzi olandira alendo Lachisanu lililonse. Kumalo a amayi kukhale mipango ndi zitenje zochapa zobwereka. Aliyense wopereka shahada apatsidwe banja lomuyang'anira kwa chaka chathunthu, ndipo banjalo limuitane pa Idi zonse ziwiri. Pamaliro omwe pali abale a chipembedzo china, patumizidwe munthu wokafotokoza ndondomeko thupi lisadanyamulidwe.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Munthu yemwe wafika pakhomo la mzikiti lero mwina sadzabweranso, koma zomwe waona adzakazinena kunyumba kwake, kuntchito ndi kutchalitchi kwake. Kuongola mtima ndi kwa Allah yekha. Gawo lathu ndi lakuti munthuyo achoke akudziwa kuti adafika pakati pa anthu amtendere.

Tikupempha Allah atipatse makhalidwe a Mtumiki Wake (SAW), adalitse ana athu pamaphunziro awo, ndipo asunge mtendere pakati pathu ndi anansi athu. Ameen.